Kumanga chinyumba kapena kugula makontena a maseva?

Kampani yofuna malo osungira maseva, makompyuta amphamvu omwe amayendetsa intaneti, ili ndi njira ziwiri.

Yakale ndi kumanga chinyumba chonse: maziko, makina oziziritsira, majenereta. Ntchitoyi imadya chaka kapena ziwiri, ndipo muyenera kulosera lero makasitomala a zaka khumi zikubwerazi. Mukaphonya, ndalama zimagona m'zipinda zopanda kanthu.

Njira inayo ndi kugula zigawo zopangiratu kufakitale. Mu 2006, kampani yopanga makompyuta ya Sun Microsystems inaonetsa Project Blackbox, kontena wamba ya mafiti 20 yokhala ndi maseva oyalidwa kale m'mashelefu. Lole ikangoitsitsa, mumalumikiza magetsi, madzi ozizira ndi netiweki, basi. Mu 2009 Microsoft inandandalika makontena otere pamalo ake a ku Chicago. Ntchito ikakula, mumangoitanitsa kontena ina.

Komatu m'kontena ndi mothina, wokonza seva amachita kuyenda cham'mbali. Zipangizo zikawonongeka, mumadalira yemwe anakugulitsaniyo.

Ine ndimakondera makontena kwa oyamba kumene. Chinyumba chimayenera amene makasitomala ake ndi odziwika kale, monga banki yaikulu.