Granola wa mu uvuni kapena wa pa chiwaya: wopepuka pa thumba ndi uti?

Paketi ya granola, chakudya cha m'mawa chokukuta, ya m'masitolo akuluakulu ikukwera mtengo chifukwa yambiri imachokera kunja, makamaka ku South Africa, komanso ina imakhala ndi ma almond omwe kuno sitilima. Koma mukaitsegula mupeza kuti zambiri ndi oats, mafuta, chotsekemeretsa ndi timtedza. Kupatula oats, yemwe tiyenera kugulabe m'sitolo monga Jungle Oats, zina zonse zili pamsika. Funso lomwe latsala ndi la moto: mu uvuni kapena pa mbaula?

Muyeso ndi umodzi kulikonse. Makapu atatu a oats, kapu imodzi ya mtedza wosenda, theka la kapu la uchi kapena shuga wosungunula, kota ya kapu ya mafuta ophikira ndi kamchere pang'ono. Oats akhale wa masamba akuluakulu, osati uja wongothira madzi otentha, chifukwa ameneyo amasanduka fumbi.

Uvuni ndi wa munthu wofuna mibulu. Mumayala zosakanizazo pa thireyi, n'kuzipsinja ndi supuni, n'kuika pa madigiri 150 kwa mphindi 25 mpaka 30, kutembenuza kamodzi kokha pakati. Mukatulutsa musazigwire mpaka zitazizira kotheratu. Apa ndi pomwe ambiri amalephera kupirira, pomwe kuuma kwenikweni kumachitika pozizira, shuga akamalimba. Mukafuna mibulu ikuluikulu yoti mwana azitapa ndi dzanja pa nthawi yopuma kusukulu, menyani choyera cha dzira limodzi mpaka chichite thovu, musakanize musanaike mu uvuni. Vuto la uvuni aliyense akulidziwa. Uvuni wamagetsi umadya mayuniti, ndipo magetsi akathima pakatikati mumatsala ndi oats wonata, wosapsa, wosayenera ngakhale phala. Choncho ngati mwayatsa, dzazani mathireyi awiri.

Chiwaya chimafuna munthu woima pomwepo. Ndondomeko yake ndi yosiyana: yambani mwakazinga mtedza pawokha, mupukuse makoko, kenako mukazinge oats wouma mpaka atayamba kununkhira ndi kufiirira. Mafuta ndi uchi zilowe komalizira, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, mthiko usaime. Kupatula za mtedzazo, zonse sizipitirira kota ya ola pa chiwaya chimodzi. Makala abwino ndi aja otsala mukaphula nsima, omwe ayamba kuvala phulusa. Pa moto woyaka kumene, pansi pamapserera pamwamba pasanatenthe, ndipo kuwawa kwa uchi wopserera sikubisika ngakhale muthire mkaka wochuluka bwanji. Granola wa pa chiwaya amatuluka womwazikana, ndiye amakoma kwambiri mu chambiko, mu yogati kapena pamwamba pa phala kusiyana ndi kukukuta payekha.

Ine ndili kumbali ya chiwaya. Kwa banja lomwe likungofuna chodya cha ana ndi kamba wa pa ulendo, moto wake ndi waulere chifukwa makalawo akanangozima okha. Koma amene akufuna kupanga geni, kuika m'timapepala n'kumagulitsa ku ofesi, asadzivute: wa mu uvuni amapsa mofanana, ndipo ogula amatsata mibulu.

Nkhani ya uchi ndi shuga ikuyendera limodzi ndi motowo. Uchi umanunkhira bwino koma ndi wodula, komanso umada msanga pa moto, n'chifukwa chake pa chiwaya umafuna maso. Shuga wa bulauni wa ku Dwangwa kapena Nchalo, mutamusungunula ndi masupuni ochepa a madzi, amamata bwino ndipo amaumitsa kuposa uchi. Kuphatikiza theka ndi theka kumathetsa mkangano.

Pa mtedza, Chalimbana ndi CG7 onse amachita bwino, kungoti muusankhe. Njere zofota, zoboola ndi zachuku mutaye, chifukwa poizoni wa aflatoxin, yemwe amachokera ku chuku, safa ndi kukazinga. Makademiya a ku Thyolo ndi okoma kwabasi, koma akalowa m'poto nkhani yotchipa yathera pomwepo. Chitowe ndi nthangala za maungu zimachulukitsa mosaboola thumba. Nthochi kapena mango zouma, ngakhalenso ufa wa malambe, muzithira zonse zitazizira. Zipatso zouma zikalowa pa moto zimalimba ngati chikopa.

Mu botolo lotseka bwino, granola wa mu uvuni ndi wa pa chiwaya onse amakhala masabata awiri kapena atatu. Nthawi ya dzinja chinyezi chimawafewetsa msanga, ndipo apa ngakhale wa mu uvuni amabwerera pa chiwaya kwa mphindi zochepa kuti aumenso.