Ndemanga: tsiku limodzi pa boti la hayala ku Buoy 10, kusaka coho

Ndalama zimene tinalipira ine ndi alamu anga kuti atitenge kukawedza coho, mtundu wina wa nsomba za salmon, ku Buoy 10 ku America, kumene mtsinje wa Columbia umathira m'nyanja ya Pacific, si zochepa, ndipo ndinapita ndikunyinyirika. Pobwerera ndinali nditazindikira chimene ndinagula. Boti, ndodo zowedzera ndi nyambo aliyense angathe kubwereka, koma bambo amene anatiyendetsawo amawadziwa madzi a pamenepo, ndipo chimenecho ndiye chinatidyetsa nsomba.

Tinanyamukira ku Hammond, kufupi ndi Astoria ku Oregon, kumayambiriro kwa Seputembala, kusanache, chifunga chili tolo. Ife amene tinakulira m'mphepete mwa nyanja ya kwathu sitidziwa zoti madzi amakwera ndi kuphwera kawiri pa tsiku. Pano zimatero, moti madzi amchere akamakwera mtsinje wonse waukuluwo umaoneka ngati wabwerera kumtunda. Madzi ozizirawo ndi amene amalowa ndi nsomba. Bambowo sanalabadire kumene maboti ena anaunjikana. Maso awo anali pa wotchi ndi pa kachipangizo koonetsa kuzizira kwa madzi, ndipo kwa maola awiri oyambirira, pamene sitinagwire kanthu, ankangoti tidekhe, madzi sanatembenuke.

Kawedzedwe kake ndi kokoka nyambo boti likuyenda pang'onopang'ono. Kutsogolo kwa chingwe amamangirira mtovu woti chimire, kenako kapulasitiki konyezimira kotchedwa flasher, ndipo kumapeto kwenikweni ndi kumene kuli mbedza ndi nyambo. Ndinaonetsetsa mmene ankadulira herring, kansomba kamene kanali nyambo yathu: mutu amauchotsa mopendeketsa mpeni, n'kutulutsa zam'kati, kuti kansombako kazizungulira m'madzi ngati kovulala. Asanatsitse chingwe ankayamba akaviika pambali pa boti n'kuona kazunguliridwe kake. Kakapanda kuwasangalatsa, ankakataya n'kudula kena, ngakhale kanali kabwinobwino m'maso mwanga. Pa ndodo zina anaika ma spinner, nyambo zachitsulo zozungulira m'madzi. Anatiuzanso kuti coho imakonda kuyenda chapamwamba ndiponso nyambo yothamangirako, kusiyana ndi chinook, mtundu winanso wa salmon, imene imakhala pansi, choncho zingwe zathu zinali zazifupi kuposa mmene ndinkaganizira.

Madzi atayamba kukwera tinatsatira mzere wa thovu ndi zinyalala pamene madzi amchere amakumana ndi a mtsinje, kulowera ku mlatho wa Astoria-Megler. Mlatho umenewu anautsegula mu 1966 ndipo ndi wotalika makilomita oposa 6, kuchokera ku Oregon kukafika ku Washington; ukauonera pansi uli m'boti umachita kudziona kuchepa. Apo ndi pamene ndodo yanga inagwada mwadzidzidzi. "Alamu, yanu iyo, gwirani!" Coho siikoka molunjika. Inadumpha, n'kudzigubuduza pa chingwe, kenako n'kuthamangira kubwera kuboti moti chingwe chinakhwepa ndipo ndinayesa yapulumuka. Bambowo anandikuwira kuti ndizingopomba osaleka. Mbedza za pa Columbia lamulo limafuna zikhale zopanda kakobo kobweza kaja, ndiye chingwe chikangokhwepa nsomba yapita.

Nsomba yoyambayo tinaibweza m'madzi, ndipo apa mpamene ndinawapatsa ulemu bambowo. Asanaikweze anayang'ana kumsana, kufupi ndi mchira. Coho zoswedwera m'malo oswetsera nsomba amazidula kachipsepse kakang'ono ka pamenepo zikadali zazing'ono, ndipo ndi zokhazo zololedwa kutenga. Yanga inali nako, kutanthauza kuti ndi yobadwira kumtsinje. Anaichotsa mbedza ili m'madzi momwemo, osaigwiragwira. Zinandiwawa, sindinama, koma zinandikumbutsa mpasa zimene zimakwera mtsinje wa Bua ku Nkhotakota kukaswa, ndi mmene zimathera anthu akazitchingira njira. Anationetsanso kusiyanitsa kwake potsegula kukamwa: nkhama za coho ndi zoyererako, za chinook ndi zakuda.

Zodandaulitsa zilipo. Polembetsa sanatiuze momveka kuti kupatula chiphaso chowedzera pamafunikanso khadi lolembapo nsomba zimene wagwira ndi chilolezo chapadera cha mtsinje wa Columbia. Tinazigula pafoni usiku, tili ndi nkhawa. Botilo n'lopanda denga ndiponso lopanda chimbudzi, ndipo tinalimo makasitomala asanu ndi mmodzi, moti nsomba ziwiri zikadya nthawi imodzi zingwe zinkakolana. Madzi atayamba kuphwera mphepo ikuwomba mobwerera, mafunde anakula, alamu anga n'kuyamba chizungulire ndi nseru. Amene simunazolowere, imwanitu mankhwala musanakwere ndipo valani zochindikala, ngakhale kumtunda kutakhala kotentha.

Nsomba ina yabwino inatengedwa ndi sea lion, chinyama chachikulu cha m'nyanja chodya nsomba, pafupi penipeni ndi ukonde, chingwe n'kubwera ndi mutu wokha. Pa ichi palibe womuimba mlandu.

Tinatsika masana tili ndi coho zitatu anthu awiri, zonyezimira ngati ndalama yachitsulo yatsopano. Bambowo anazitumbula n'kuzisenda okha padoko, n'kutilongedzera m'mapepala apulasitiki. Imodzi tinaiwotcha madzulo omwewo ndi mchere ndi ndimu basi, nsima ili pambali. Chaka chamawa ndidzalembetsanso kwa iwo omwewo, koma ndidzayamba ndawafunsa tsiku limene madzi adzakwere m'mawa, ndisanasankhe deti.