Maphunziro osamala thupi a oimba pa Ngabu: ena ndi othandiza, ena ndi ofunika kusefa

Mayi wina wakhala akuphunzitsa oimba a m'makwaya, oliza gitala ndi kiyibodi komanso anyamata a valimba m'holo ya tchalitchi china pa Ngabu, ndipo maphunziro akewo amawatcha kudzichiritsa mwa kumvetsera thupi. Gawo lokhudza kakhalidwe ndi kapumidwe ndi loyeneradi ndalama imene amalipiritsa, koma gawo la kuchiritsalo sindikugwirizana nalo.

Zambiri zimene amaphunzitsa zimachokera ku njira yotchedwa Alexander Technique. Anaiyambitsa ndi Frederick Matthias Alexander, wochita zisudzo wobadwira ku Tasmania mu 1869, amene mawu ankamusasa akamalankhula pagulu, mpaka pamene anadziyang'ana pagalasi n'kuona kuti ankakokera mutu kumbuyo ndi kupanikiza kholingo. Mayiyu amafotokoza mfundo imeneyi momveka bwino, n'kukumbutsa kuti mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, kotero ukapendekeka kwa maola ambiri, khosi ndi mapewa ndi zimene zimavutika.

Phunziro limayamba ndi kugona chagada pamphasa, mawondo atapindidwa, buku lili kunsi kwa mutu. Mayiyo amazungulira mwakachetechete, amapempha chilolezo asanakhudze munthu, kenako amaika dzanja pakhosi mopepuka n'kunena kuti, "Musadziwongole, ingolekani kulimbitsa." Ndinaona mnyamata wina wa valimba, amene anazolowera kupinda msana wonse poliza valimba, akuphunzitsidwa kuweramira m'chiuno ndi kugwira timitengo momasuka, ndipo atayambanso kuliza, manja ankathamanga pamene nsagwada zinali zitaleka kulumana. Oimba kwaya amawagwiritsa nthiti zawo ndi manja kuti amve mmene zimatambasukira m'mbali mpweya ukamalowa, m'malo mokweza mapewa ngati mmene ambiri timachitira nyimbo ikafika pokwera. Amayamba m'mamawa, zimene n'zanzeru, chifukwa kuno ku chigwa cha Shire kutentha kwa mu Okutobala kumapitirira madigiri 40, ndipo pansi pa malata masana palibe amene angamvetsere thupi lake.

Vuto limabwera akayamba kunena kuti thupi limadzichiritsa lokha munthu akangolimvetsera, osaika malire pa mawu amenewa. M'holomo mumakhala anthu a BP ndi a shuga amene angamve ngati akuuzidwa kuti mankhwala alibe ntchito. Mawu akasasa kupitirira masabata atatu, kapena zala zikamachita dzanzi usiku, woimba ayenera kukaonana ndi dokotala ku chipatala cha Ngabu kapena cha boma ku Chikwawa, ndipo kukafunika amutumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre kumene kuli akatswiri a khutu, mphuno ndi mmero. Izi mayiyu sanazitchule, ngakhale bambo wina wa kwaya atadandaula kuti mmero wakhala ukumupweteka kuyambira nthawi yokolola.

Chinanso n'chakuti amakonda kutchula ziwalo za thupi m'Chingerezi, moti akuluakulu olankhula Chisena, amene ndi eniake valimba ndi ng'oma za likhuba, amangogwedeza mutu mwaulemu. Amene akufuna kupita atenge mphasa yake ndi botolo la madzi, chifukwa m'holomo mphasa ndi zochepa, ndipo amayi atenge chitenje chapadera choti afunde pa nthawi yogona pansi ija.