Tatukulani mati ya m'pikiapu ija muone pansi pake

Abale anga a ku Thyolo ndi ku Mulanje, makamaka inu oyendetsa mapikiapu mseu wa Limbe kudutsa pa Bvumbwe, Luchenza mpaka ku Muloza, ndati ndikuuzeni zomwe zinandionekera ine mwina wina apulumutsa galimoto yake.

Ine ndili kuno ku Durban, ndimagwira pa galaja ina yowongola ndi kupenta magalimoto. Ndinayamba ndi kupala ndi sandipepala basi, manja mbuu ngati ndachokera kuchigayo, pano ndiye amandigwiritsako ndi mfuti ya penti yomwe. Mzinda uno uli m'mbali mwa nyanja yamchere, mphepo yake imadya chitsulo koopsa moti munthu akamagula galimoto yakale amayamba wafunsa ngati inkakhala ku Joni kapena kunyanja kuno. Dzimbiri ndimalimbana nalo tsiku ndi tsiku, koma ine yemweyo ndi amene ndinagwa m'mbuna.

Nditasunga timarandi ndinagula Isuzu KB yakale koma yolimba bwinobwino, kuno amati bakkie, nkuitumiza kumudzi kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza kuti mng'ono wanga azipangira geni, zinanazi ndi mapeyala ku Mulanje, kabichi ndi tomato pa Bvumbwe kukatula ku Limbe, dzinja likamayandikira matumba a feteleza a anthu. Kumbuyo ndinayalako mati ya labala yakuda yokhuthala ija, yofuna anthu awiri kuinyamula, ndimvekere apa ndiye bodi ndaiteteza, makasu ndi madengu sizikandanso penti.

Patatha zaka ziwiri ndinabwera kudzadya Khirisimasi. Galimoto kunja ikuwala ndithu, mnyamata amaisamala, sindinganame. Tsiku lina sipanala yaing'ono inalowa m'mphepete mwa mati chakutsogolo kuja, ndiye pofuna kuitenga ndinatukula kona imodzi. Mayo ine. Fungo lake ngati la m'dambo, matope akuda onyowa, mchenga, nthanga za tomato zina zitayamba kumera zoyera mbee chifukwa chosaona dzuwa, ndi timadzi tamchere ta feteleza wosungunuka. Penti yonse itatupa matuzamatuza. Ndinatenga sikuludiraiva nkubaya pamodzi pang'ono chabe, inangoti pyoo kutulukira kunsi, ndikuona dothi lofiira la pabwalo pathu kudzera pabowopo.

"Iwe, mati iyi unaichotsako liti?"

"Achimwene, kodi imachotsedwa? Ine ndimatsuka pamwamba Loweruka lililonse."

Ndinasowa pomugwira, wolakwa ndinali ine amene sindinamuuze. Ndipo kutsuka kwakeko ndi komwe kumaonjezera madzi pansipo.

Nkhani yake ili chonchi. Labala salowa madzi inde, koma madzi amalowera m'mbali, akalowa alibe potulukira ndipo mphepo ndi dzuwa sizifikako. Pansi pa bodi pali timizere tokwera ndi totsika tija, anatipanga kuti chitsulo chilimbe komanso madzi aziyenda, ndiye m'makona akutsogolo kufupi ndi kebini mumakhala timabowo totayira madzi, koma timatsekeka ndi matope ndi masamba. Mchenga wotsalira pansi pa mati ukamatikitika ndi katundu pa mabampu umapala penti chimodzimodzi sandipepala wanga wa kuntchito, chitsulo chikangoonekera basi dzimbiri layamba. Feteleza ndiye mfiti yeniyeni, amakoka chinyontho, thumba limodzi likangobooka pang'ono nkhani yatha. Ndiye onjezerani nyengo ya kwathu, mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo, ikangoti yatha chiperoni uyo ndi nkhungu yake ndi mawawa mwezi wa Juni ndi Julaye, chovala chomwe chimakana kuuma pa chingwe masiku atatu, nanji pansi pa labala?

Tinapita nayo kwa owotcherera, anadula pobookapo nkuikapo chigamba cha chitsulo, zotsalazo ndinagwira ndekha. Kupala ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chiyere, kupaka mankhwala opha dzimbiri aja amasandutsa dzimbiri lotsalira kukhala lakuda, kenako penti yofiira yoyambira ija timati redi okisayidi, pamwamba penti yeniyeni kawiri. Chachikulu kudikira iume ndithu musanayale mati, masiku angapo, osapupuluma chifukwa kwapezeka hayala. Ndalama yomwe ndinati ndiwagulire mayi malata a kukhitchini inathera pomwepo, mpaka pano amandikumbutsa.

Amalume anga anati tingothirapo oyilo wakale wa mu injini pansipo. Ayi amalume, pepani, oyilo amafewetsa labala nkumuononga, amagwira fumbi, komanso mukanyamula kabichi wa anthu mudzayankha chiyani akamanunkha galaja.

Kuno ambiri sagwiritsanso mati, amapopera labala wamadzimadzi yemwe amamatirira ku chitsulo osasiya mpata, amati rubberising. Ndi yabwino koma imafuna ndalama, komanso akapopera pamwamba pa dzimbiri osapala ndiye mwangolifunditsa bulangete, lizidya bwino mkati. Ngati mukugula mati yatsopano itembenuzeni muone kunsi, ikhale ndi timatuza totukula kuti mphepo izidutsa, ndipo muidule isatseke timabowo ta m'makona tija. Timabowoto muzitokosa ndi kawaya. Poimika galimoto, poti kwathu malo otsetsereka sasowa, mutu uyang'ane kumtunda madzi azitsikira ku chitseko chakumbuyo. Feteleza muziyalira kaye lona, mukatsitsa tsukani tsiku lomwelo mati mutaichotsa.

Pano ndinamuikira lamulo mng'ono wangayo. Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi amakoka mati ndi mnzake nkuipachika pa nthambi ya mango, kusesa, kutsuka, bodi nkuisiya padzuwa mpaka madzulo, ndipo anditumizire chithunzi pa WhatsApp ndisanamuponyere ya mayunitsi. Sabata yatha ananditumizira chithunzi chakale akuyesa sindizindikira, koma mu mtengomo munali mango, mwezi wa Julaye.