Makina oyezera BP: zabwino zake ndi nkhani ya lamba

Alamu anga a ku Chinamwali andifunsa ngati angagule makina oyezera BP ngati anga aja, ndiye ndati ndilembe pano kuti ena amve nawo.

Ndinawagula pa famase ina m'tauni mwa Zomba muno, anesi a pachipatala chathu chaching'ono atandilangiza kuti ndizidziyeza kunyumba n'kumalemba manambala m'kope. Manambala ake ndi akuluakulu, ndimawerenga opanda magalasi. Amayendera mabatire anayi a AA, kotero magetsi akazima sindidandaula.

Chimene chinandisowetsa mtendere ndi lamba womanga pamkono uja. Kunyumba BP inkangokhala pamwamba pa 140/90, ndikumwa mankhwala a BP a amlodipine tsiku lililonse, mchere nditachepetsa mpaka ndiwo kusowa kukoma. Tulo tinatha. Koma ndikafika kuchipatala, manambala otsika bwinobwino. Anesi aja sanandinene kuti ndikukokomeza. Anati ulendo wina ndibwere nawo makinawo. Anandikhazika mphindi 5, msana wotsamira, mkono patebulo, osayankhula, nandiyeza ndi makina onse awiri, anga ndi a kuchipatala. Kenako anatenga tepi n'kuyeza mkono wanga. "Mayi, lambayu ndi wa mkono wa masentimita 22 mpaka 32. Wanuwu wadutsa. Lamba akachepa, makina amawonetsa BP yokwera kuposa mmene ilili." Akanakhala wina wothamanga ndi mzere wa odwala panja, bwenzi atangondiwonjezera mankhwala.

Ndinabwerera kwa ogulitsa. Anati katundu wotsegulidwa sabwezedwa, ndipo lamba wamkulu ndiitanitse ku Blantyre ndi ndalama zanga. Pogulitsa paja bwanji sanayang'ane mkono wanga? Ndinaitanitsabe, pamtengo woti ndinaluma mano, poti chigwereni kwacha mu November 2023 chilichonse chochokera kunja n'chowawa.

Chibwerereni lamba watsopano, manambala akugwirizana ndi a kuchipatala. Tsiku la kiliniki anesi amayamba ndi kope langa asanatsegule buku la kuchipatala, ndipo amafunsa chimene chinachitika sabata imene manambala anakwera. Sabata ina inali ya maliro, ina ya fizi ya ana.

Tsiku limene ndili bwino ndimati ndalama zanga sizinapite pachabe. Ndikakumbukira kuti ndinalipira kawiri, mtima umawawabe. Alamu, gulani, koma muyambe mwayeza mkono wanu, ndipo ogulitsa akuwonetseni manambala olembedwa pa lambayo musanatulutse ndalama. Pa famase ijayo musapite, ine ngakhale Panado sindigulaponso.