Makatuni a pamanja ndi a pakompyuta

M'mavidiyo sho a ku Chinamwali, ana amakonda makatuni a pakompyuta, owala bwino, ubweya wa nyama ukuoneka umodziumodzi. Opanga makatuni akachimanga chidole kamodzi m'kompyuta amangochiyendetsa, kamera n'kumazungulira mbali iliyonse. Mphoto ya Oscar ya makatuni ataliatali itayamba mu 2002, inapita kwa Shrek, wa pakompyuta.

Koma ine mtima wanga uli pa a pamanja. Sekondi imodzi ya filimu ndi zithunzi 24, ndipo kawirikawiri ojambula amajambula 12, chilichonse n'kuoneka kawiri. Thukuta lake si lamasewera! Mzere umanjenjemera pang'ono, nkhope n'kukhala ngati ikupuma. Spirited Away, filimu ya pamanja ya Hayao Miyazaki wa ku Japan, inapambana Oscar ija mu 2003, ngakhale zaka zambiri mphotoyi amatenga ndi a pakompyuta omwewo.