Lokka pa difu ya Hilux: yotchipa, koma ili ndi khalidwe lake

Ngati mukufuna loka ya difu (chipangizo chomanga matayala awiri kuti azizungulira limodzi) koma ndalama ndi zochepa, Lokka, yomwe imagwira ndi kumasuka yokha, ndi yomwe tingakulangizeni. Imalowa m'malo mwa timagiya ta spider (tomwe timalola matayala kuzungulira pa liwiro losiyana pokhota) mkati mwa difu, chikombole chake n'kukhala chomwecho, choncho ntchito yoika ndi yochepa. Pamatope matayala onse awiri amakoka limodzi, ngakhale limodzi litalendewera m'malere.

Musanagule, onetsetsani kuti difu yanu ndi yotseguka (difu wamba yopanda chomangira matayala), chifukwa m'chikombole cha LSD (limited-slip, difu yochepetsa kuterereka kwa tayala limodzi) siyilowa. Werenganinso mano a ekiselo: difu yambuyo ya Toyota ya mainchesi 8 kawirikawiri imakhala ndi 30. Mawashala akutha asinthidwe, ndipo mpata wa pakati pa zidutswa ziwiri za Lokka uyezedwe ndi feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mipata). Ukakhala wolakwika, loka imakana kumasuka kapena imadumpha ndi chiphokoso.

Pa tala imalira kuti ke-ke-ke pokhota, ndipo mukaponda mafuta pakona imagwira, matayala n'kumakwecheka. Mpweya wa matayala ambuyo ukhale wofanana. Pa difu yakutsogolo ya galimoto yoyenda pa 4WD nthawi zonse musaiike.

ARB Air Locker imaiposa chifukwa mumaigwiritsa ndi batani pomwe mwafuna, koma imafuna kompuresa, paipi ya mpweya ndi makaniko wodziwa kutchuna magiya. Zowotcherera difu zisiyeni, zimatha kuthyola ekiselo.